Thanki yasefukira pampu isanazime: kodi sensa yathu ndi yakufa?

Gama, Kanengo (Lolemba m'mawa)

Moni akuluakulu ndi anzanga nonse a ntchito za magetsi ndi makina. Ndabwera ndi vuto limene landisowetsa tulo kuyambira Lachisanu. Pa fakitale imene ndimagwirako ntchito kuno ku Kanengo tili ndi thanki yachitsulo yoimirira yosungira madzi ochokera m'chitsime chathu chakuya, ndipo sabata yatha tinachotsa swichi yakale yoyandama n'kuikapo sensa ya ultrasonic (yoyeza mlingo wa madzi pogwiritsa ntchito liwu), yamawaya awiri, yotumiza uthenga wa magetsi wa 4 mpaka 20 mA (mamiliampeya) ku PLC, kakompyuta kolamulira makina kamene kamayatsa ndi kuzimitsa pampu. Pa pulani ya amene anamanga thankiyo panalembedwa kuti kutalika kwake ndi mamita 4, m'mimba mwake mamita 3. Choncho sensa itandifunsa Empty (mtunda wochoka pa sensa kufika pansi pa thanki) ndinalemba 4.00, pa Full (msinkhu wa madzi thanki ikadzaza) ndinalembanso 4.00, ndipo mu PLC ndinatchera kuti pampu izizima madzi akafika pa mamita 3.80, iziyaka akatsika kufika pa 1.50.

Lachisanu madzulo tinasiya zonse zikuyenda zokha n'kuweruka. Cha m'ma 9 koloko usiku alonda anandiimbira foni kuti madzi akukhuthuka pa paipi yotayira osefukira, bwalo lonse lasanduka dambo, makatoni amene anali pansi m'shedi anyoweratu, koma pampu ikungolirabe. Nditafika ndinapeza manambala pa kagalasi ka sensa akudumphadumpha, pena 3.70 pena 3.50, osafika pa 3.80 paja ngakhale kamodzi. Mawu aja akuti madzi akatayika sawoleka ndinawaona ndi maso usiku umenewo, nditapinda thalauza mpaka m'mawondo. Abwana akuti sensayo ndi yakufa, tiibweze kwa amene anatigulitsa, koma ndisanaimasule ndati ndiyambe ndafunsa kuno.

Mbewe, Area 25 (Lolemba m'mawa)

Pepani ndi zimene zakuchitikirani a Gama. Musaimasule kaye, koma mutiyankhe mafunso atatu. Nambala ya 4.00 imene munalemba pa Empty ija, munaiyeza nokha ndi tepi kapena munangoikopera pa pulani? Paipi yotayira madzi osefukira ili pa msinkhu wanji kuchokera pansi pa thanki? Ndipo m'buku la malangizo a sensayo alemba kuti blocking distance yake, kamtunda kapafupi ndi kukamwa kwake kamene singayeze kanthu, ndi yotani? Mukamakwera pamwambapo muvale lamba wotetezera, pampu muizimitse ndi kukhoma loko pa swichi yake, ndipo m'thankimo musalowemo chifukwa zonsezi mukhoza kuyeza muli kunja.

Gama, Kanengo (Lolemba masana)

Zikomo a Mbewe. Ndivomere kuti nambalayo ndinangoikopera pa pulani. Lero ndakwera ndi mnyamata wondithandiza, tamasula sensa, tamangirira nati yaikulu kunsonga kwa tepi yachitsulo n'kuitsitsira pa bowo lomwelo mpaka nati itagunda pansi. Kuchoka pamene pamakhala kukamwa kwa sensa kufika pansi papezeka mamita 4.15, chifukwa owotcherera zitsulo anaika kapaipi kakafupi pamwamba pa denga la thanki ndipo sensa imakhala pa kapaipi kameneko. Madzi amayamba kutuluka pa paipi yotayira akafika pa mamita 3.90. M'buku alemba kuti blocking distance ndi mamita 0.30.

Mbewe, Area 25 (Lolemba masana)

Basi nkhani yonse yaoneka poyera, ndipo sensa yanu ilibe mlandu. Chimene ambiri a ife timaiwala n'chakuti chida chimenechi sichiyeza kuya kwa madzi ayi. Chimatulutsa liwu lakuthwa limene khutu la munthu silimva, liwulo limagunda pamwamba pa madzi n'kubwerera, monga momwe phiri limakubwezera mawu ukafuula uli m'chigwa, ndipo sensa imawerenga nthawi imene lapita ndi kubwerera. Mumpweya wa madigiri 20 liwu limathamanga pafupifupi mamita 343 pa sekondi, kotero kuti m'thanki yanu ikakhala yopanda madzi, ulendo wonse wa mamita 8.30 umatenga pafupifupi magawo 24 mwa magawo 1,000 a sekondi imodzi. Pa nthawi imeneyo sensa imapezapo mtunda wochoka pakamwa pake kufika pa madzi, ndipo chokhacho ndicho chimene imadziwa payokha.

Mlingo wa madzi umene mumauona pa kagalasi ndi masamu ochotsera basi: nambala ija munalemba pa Empty, kuchotsapo mtunda umene yayeza. Mukainamiza pa Empty, nayonso ikunamizani mokhulupirika tsiku lililonse. Inu munaiuza 4.00 pamene zoona zake ndi 4.15, choncho nthawi zonse imaonetsa madzi ochepa ndi masentimita 15 poyerekeza ndi amene alimodi. Kuti ionetse 3.80 imene PLC inkadikira, madzi enieni anayenera kufika pa 3.95, pamene paipi yotayira imayamba kuwataya pa 3.90. Pampu ija ikanalira mpaka Lolemba ikudikira nambala yosafikika.

Nabanda, Area 47 (Lolemba madzulo)

Ndikugwirizana ndi a Mbewe, koma pali chinthu chachiwiri chimene a Gama ayenera kuchimvetsa asanasinthe manambala, chifukwa kukonza Empty kokha sikuthetsa vutoli. Sensa ikatulutsa liwu, kachitsulo kake kamapitiriza kunjenjemera kwa kanthawi ngati belu limene langomenyedwa, ndipo pa kanthawi kameneko singamve liwu lobwerera. N'chifukwa chake chilichonse chimene chili pafupi kuposa mamita 0.30 sichioneka kwa iyo. Pa thanki yanu malire amenewo ali pa 4.15 kuchotsapo 0.30, kutanthauza mamita 3.85, ndipo paipi yotayira ili pamwamba pa malirewo. Madzi atafika pa 3.90 anali masentimita 25 okha kuchokera pakamwa pa sensa, m'dera limene iyo ndi gonthi.

Zikatero nthawi zambiri sensa imaphonya liwu loyamba n'kugwira lachiwiri, lija lagunda madzi, n'kugunda denga kapena sensa yomweyo, n'kugundanso madzi lisanabwerere. Mtunda umaoneka ngati wawirikiza kawiri, masentimita 50 m'malo mwa 25, ndipo 4.00 kuchotsapo 0.50 ndi 3.50, nambala yomwe ija munaiona usiku wa Lachisanu. Ichi ndicho choopsa cha zida zimenezi: thanki ikadzaza mopitirira, zimanena kuti madzi atsika.

Ine ndikanalemba Empty 4.15, koma Full ndikanalemba 3.75, kuti pakhale masentimita 40 pakati pa madzi odzaza ndi kukamwa kwa sensa. Onetsetsani m'buku lanu ngati Full akuiwerenga kuchokera pansi pa thanki kupita m'mwamba kapena kuchokera pa sensa kupita pansi, chifukwa makampani amasiyana pamenepa, ndipo ngati ndi kuchokera pa sensa mudzalemba 0.40. Pampu izizima pa 3.60. Thanki ya mamita 3 m'mimba mwake imasunga pafupifupi malita 71 pa sentimita iliyonse, choncho pa 3.60 muli ndi malita opitirira 25,000, ndipo abwana akadandaula kuti mwawachepetsera thanki muwakumbutse makatoni aja.

Chisomo, Kawale (Lolemba madzulo)

Mundikhululukire mayi Nabanda ndi abambo nonse polowerera nkhani ya akuluakulu. Ine ndine wophunzira ntchito za magetsi ndipo ndili chaka chachiwiri. Chimene chimandizunguza n'chakuti, bwanji thanki yopanda madzi imaimiridwa ndi 4 mA m'malo mwa 0? Ndiponso a Gama akasintha Full kukhala 3.75 pa sensa, kodi PLC idziwa yokha kuti zasintha?

Nabanda, Area 47 (Lolemba usiku)

Mafunso ako ndi abwino Chisomo, ndipo lachiwirilo lapulumutsa a Gama ku chigumula china. PLC sidziwa kanthu za mamita, imangoona mphamvu ya magetsi imene ikuyenda m'waya. Sensa ikatumiza 20 mA, PLC imamasulira malinga ndi zimene munthu anailembera. Ngati a Gama asintha sensa kuti 20 mA aziimira 3.75 koma PLC n'kuisiya ikuwerenga 20 mA ngati 4.00, zida ziwirizi zidzakhala zikulankhula zinenero zosiyana. Pakati pa 4 ndi 20 pali 16 mA, ndipo amenewa agawidwe pa mamita 3.75: madzi akakhala pa 1.50 waya uzinyamula 10.4 mA, akakhala pa 3.60 uzinyamula 19.36 mA, ndipo 12 mA ndi theka lenileni, mamita 1.875.

Za 4 mA zili ndi zifukwa ziwiri. Choyamba, sensa yamawaya awiri imadya magetsi a m'mawaya omwewo amene imatumizira uthenga, kotero pafunika kuti nthawi zonse muziyenda kenakake kuti isazime. Chachiwiri, ziro akanaimira thanki yopanda madzi, waya woduka kapena wodyedwa ndi makoswe ukanaoneka chimodzimodzi ndi thanki youma, ndipo PLC ikanayatsa pampu osaizimitsanso. Pali ndondomeko ya ku Germany yotchedwa NAMUR NE 43 imene opanga zida ambiri amaitsatira: muyezo weniweni umakhala pakati pa 3.8 ndi 20.5 mA, ndipo 3.6 mA kutsika m'munsi, kapena 21 mA kupita m'mwamba, ndi chizindikiro chakuti chida chili pa vuto.

A Gama, pamenepa pali chosankha chimene chili m'manja mwanu. M'sensamo muli malo ofunsa chimene ichite ikataya liwu lobwerera: itsike pa 3.6 mA, ikwere pa 22 mA, kapena igwiritsitse nambala yomaliza. Pa thanki imene ikudzazidwa ndi pampu sankhani kukwera, kuti sensa ikasokonezeka PLC ione ngati thanki yadzaza n'kuzimitsa pampu. Kugwiritsitsa nambala yomaliza ndi msampha, chifukwa pa kagalasi zonse zimaoneka bwino pamene chida chasiya kuona. Ndipo mu PLC mulembemo kuti chilichonse chotsika kuposa 3.6 kapena chofika pa 21 chizizimitsa pampu ndi kuliza alamu.

Nkhoma, Biwi (Lachiwiri m'mawa)

Ndawerenga zonse ndipo masamu ake ndi oona, koma ine ndinene mosapsatira mawu kuti cholakwa chachikulu sichinali nambala ayi. Cholakwa chinali kuchotsa swichi yoyandama ija. Ndagwira ntchito ya mapampu zaka zambiri ndipo sindinaonepo chida chamakompyuta chimene sichidzanama tsiku lina. Swichi yoyandama ndi yotsika mtengo, ilibe manambala oti munthu alakwitse, ndipo ikalumikizidwa mwachindunji ku koyilo ya contactor (swichi yaikulu yopereka magetsi ku mota ya pampu), osadzera mu PLC, imazimitsa pampu ngakhale sensa ndi PLC zonse zitapenga. Muibwezeretse a Gama, muiike pamwamba pa 3.60 pomwe pampu imazimira koma pansi pa paipi yotayira.

Komanso pa madzi oyera a m'chitsime ine sindikanagula ultrasonic n'komwe. Ndikanatsitsira m'thankimo sensa yoyeza kulemera kwa madzi, ija imakhala pansi ndi chingwe chake. Mita imodzi ya madzi imapanikiza ndi mphamvu ya 9.81 kPa, pafupifupi 0.098 bar, kaya kunja kwatentha kaya kwazizira, ndipo ilibe dera la ugonthi pamwamba.

Mbewe, Area 25 (Lachiwiri m'mawa)

Za swichi yoyandama mwalasa a Nkhoma, ndipo wakutsina khutu ndi mnansi. Ndingowonjezerapo kuti ilumikizidwe mwa njira yakuti magetsi azidutsamo pamene zinthu zili bwino, kuti waya wake ukaduka pampu izime m'malo mopitiriza. Koma za sensa yomira ija sindikuvomerezani kwathunthu. Nayonso ili ndi matenda ake: m'chingwe chake mumakhala kapaipi kakang'ono kopumira mpweya wakunja, ndipo kakalowa chinyontho nthawi ya dzinja kapena wina akakapinda pomanga chingwe, muyezo umayamba kusochera pang'onopang'ono popanda chizindikiro. Matope a m'chitsime nawonso amaunjikana pakamwa pake. A Gama agula kale chida chabwino, tiyeni tiwathandize kuchitchera.

Gama, Kanengo (Lachiwiri madzulo)

Ndikuthokozeni nonse. M'mawa ndinalemba Empty 4.15 ndi Full 3.75, ndinasintha PLC, ndipo ndinayesa monga mmene buku likunenera, kulamula sensa kuti itulutse 4, kenako 12, kenako 20 mA, multimeter nditailumikiza mumzere wa waya. PLC yathu ndi ya Siemens S7, ndipo pa 20 mA inawerenga 27648, nambala imene S7 imaonetsa muyezo ukadzaza, pa 4 mA inawerenga 0, kusonyeza kuti khadi lake linatcheredwa bwino pa 4 mpaka 20. Titayatsa pampu inadzaza thanki n'kuzima yokha pa 3.60, ndipo tepi inagwirizana ndi kagalasi. Ndinatsika pa makwerero ndikumwetulira.

Koma chimwemwecho sichinafike madzulo. Masana onse fakitale inali kugwiritsa ntchito madzi, manambala akutsika bwinobwino, mpaka anafika pa 1.55 n'kuima pomwepo. Patapita nthawi amayi a ku chipinda chotsukira mabotolo anabwera kudzandiuza kuti mipopi ikutulutsa madzi ofooka. Nditatsitsa tepi ndinapeza madzi atsala masentimita 60 okha, koma sensa ikuumirirabe pa 1.55, ndipo poti PLC ikudikira 1.50, pampu sinayake. Lachisanu inakana kuzima, lero yakana kuyaka. Kodi apa sindiye kuti abwana ananena zoona?

Mbewe, Area 25 (Lachiwiri usiku)

Ayi, sananene zoona, ndipo nambala yoima malo amodzi imatiuza zambiri kuposa yodumphadumpha. Chotsani 1.55 pa 4.15, mupeza 2.60. Mawa m'mawa mutsegule chivindikiro, muunike ndi tochi, ndipo muyang'ane chimene chili pa mamita 2.60 kuchokera pakamwa pa sensa. Ndikukhulupirira kuti mupeza chitsulo chogwira paipi, phazi la makwerero a m'kati, kapena mzere wokhuthala wa powotcherera. Liwu la sensa siliyenda ngati ulusi, limamwazika ngati kuwala kwa tochi. Ngati buku lanu likunena madigiri 10, ndiye kuti pa mamita 2.60 lafalikira masentimita pafupifupi 23 mbali iliyonse, ndipo pansi pa thanki lafalikira masentimita oposa 35 mbali iliyonse. Madzi akakhala pamwamba pa chitsulocho chimabisika, koma akatsika n'kuchivundukula, chimayamba kubweza liwu msanga kuposa madzi, ndipo sensa imachitenga ngati ndiwo madziwo.

Nabanda, Area 47 (Lachiwiri usiku)

Chondisangalatsa n'chakuti vuto limeneli linalipo kuyambira tsiku loyamba, koma cholakwa choyamba chija chinkalibisa. Pamene Empty inali 4.00, PLC inkaona 1.50 madzi ali pa mtunda wa mamita 2.50 kuchokera pa sensa, chitsulo cha pa 2.60 chisanavundukuke, ndipo pampu inkayaka nthawi yabwino mwangozi chabe. Mwakonza chimodzi, chinzake chaonekera.

Njira zilipo ziwiri ndipo ndi bwino kuyamba ndi ya manja. Ngati chitsulocho chingachotsedwe kapena sensa ingasunthidwe, chitani zimenezo, pokumbukira kuti sensa siifuna kukhala pafupi ndi khoma, siifuna pakatikati pa denga lozungulira pamene mawu obwerera amasonkhana, ndipo siifuna pamwamba pa pomwe madzi amagwera polowa. Ionetsetseninso ndi levulo kuti yaloza pansi mowongoka. Zikakanika, gwiritsani ntchito chimene m'mabuku ambiri amachitcha mapping kapena false echo suppression. Sensa imamvetsera thanki, n'kusunga m'mutu mwake mawu onse obwerera kuchokera ku zinthu zosasuntha, kuti mtsogolo iziwanyalanyaza.

Pochita zimenezi samalani chinthu chimodzi. Thanki ikhale ndi madzi ochepa, chitsulocho chili poyera, ndipo muyeze ndi tepi mtunda weniweni wofika pa madzi. Mukafunsidwa kuti mapping ifike pati, lembani mtunda wochepa ndi pafupifupi theka la mita poyerekeza ndi pamene pali madzi. Ngati madzi ali pa masentimita 60, mtunda wake ndi 3.55, choncho lembani cha m'ma 3.00. Mukalemba mopitirira, sensa idzasunga madzi enieniwo ngati chinthu chonama, ndipo tsiku lililonse akafika pa msinkhu umenewo idzawataya. Ndinaonapo mnzathu wina atachita mapping thanki ili yodzaza theka, ndipo anatha sabata yathunthu akusinthanitsa mawaya osalakwa.

Jere, Area 23 (Lachitatu m'mawa)

Pepani kuti ndikupatutsani pang'ono, koma nkhani yake ndi yomweyi. Kuntchito kwathu tili ndi thanki ya dizilo wa jenereta, yozungulira koma yogona chammbali, ndipo abwana akufuna kuti tiziona malita otsala pa kompyuta chifukwa magetsi akazima jenereta imagwira ntchito nthawi yaitali. Kodi ndingatenge manambala a malita pa sentimita monga achitira mayi Nabanda, n'kugula sensa yonga ya a Gama?

Nabanda, Area 47 (Lachitatu m'mawa)

Ayi a Jere, thanki yogona ili ndi masamu ena. Pa yoimirira sentimita iliyonse imasunga malita ofanana, koma pa yogona sentimita ya pakati imasunga ambiri kuposa ya pansi kapena ya pamwamba chifukwa mimba yake ndi yotakata pakatipo. Dizilo akafika pa gawo limodzi mwa magawo anayi a kuya kwa thanki, amene alimo ndi pafupifupi 19.6 peresenti ya thanki yonse osati 25, ndipo pa gawo limodzi mwa magawo khumi alimo pafupifupi 5 peresenti yokha. Masensa ambiri ali ndi malo osankhira thanki yogona kapena olembamo tebulo la masentimita ndi malita ake, ndipo tebulo labwino ndi lochokera kwa amene anapanga thankiyo, chifukwa kumapeto kwake nthawi zambiri kumakhala kotukuka.

Mukasankha sensa yoyeza kulemera imene a Nkhoma amaikonda, kumbukirani kuti dizilo ndi wopepuka kuposa madzi, lita imodzi imalemera pafupifupi makilogalamu 0.84, ndipo mukaiwala kulemba nambala imeneyi chida chidzaonetsa mafuta ochepa ndi 16 peresenti, alonda n'kuyamba kuganiziridwa kuba kumene sanabe. Ndipo chida chilichonse choikidwa pa thanki ya mafuta chikhale chovomerezeka kugwira ntchito pamalo oyaka moto, chokhala ndi chizindikiro cha Ex, monga za ATEX kapena IECEx. Ya a Gama ija musaiyerekeze pa mafuta musanaone chizindikiro chimenecho.

Gama, Kanengo (Lachinayi madzulo)

A Mbewe, ngati munalowamo m'thanki yathu. Nditaunika ndinapeza chitsulo cha ngodya chogwira paipi yolowetsa madzi, chotuluka kukhoma kufika pafupifupi masentimita 20 kuchokera pa mzere wa sensa, ndipo tepi inati chili pa 2.60 ndendende. Kuchidula kukanafuna kuti munthu alowe m'thanki ndi moto, choncho ndinachita mapping madzi ali pa masentimita 60, n'kulemba 3.00 monga ananenera mayi Nabanda. Kuyambira Lachitatu masana pampu yayaka pa 1.50 n'kuzima pa 3.60 maulendo atatu popanda vuto, ndipo abwana asiya kunena zobweza sensa.

Chatsala ndi chaching'ono koma chikundivutitsa maganizo. Lero ndinazimitsa dala pampu kuti ndiyeze madzi ali pansi. M'mawa cha m'ma 6 koloko tepi ndi kagalasi zinagwirizana mpaka sentimita imodzi. Cha m'ma 2 koloko masana, tepi ikunena 1.15, kagalasi kanati 1.10. Thanki itadzaza kusiyanako kunatheratu. Chinanso, pampu ikamathira madzi manambala amagwedezeka ndi masentimita awiri kapena atatu.

Nabanda, Area 47 (Lachinayi usiku)

Limenelo ndi dzuwa la Okutobala a Gama. Liwiro la liwu limadalira kutentha kwa mpweya: pafupifupi mamita 331 pa sekondi pa madigiri 0, 343 pa madigiri 20, ndi 355 pa madigiri 40, kutanthauza kuti digiri iliyonse imawonjezera pafupifupi mamita 0.6 pa sekondi. Sensa yanu ili ndi kachida koyezera kutentha m'mutu mwake kuti izikonza masamuwa, koma kachidako kamamva kutentha kwa mutu wa sensa, osati kwa mpweya wonse wa m'thanki. Masana mutuwo uli padzuwa pamwamba pa denga lachitsulo, pamene mpweya wa pansi pafupi ndi madzi a m'chitsime ndi wozizirirapo. Sensa ikaganiza kuti mpweya ndi wotentha kuposa mmene ulili, imaganizanso kuti liwu lathamanga kwambiri, ndiye imawerenga mtunda wautali, mlingo wa madzi n'kuoneka wotsika.

Manambala anu akugwirizana ndi zimenezi. Madzi ali pa 1.15 mtunda ndi mamita 3.00, ndipo masentimita 5 pa mamita 3 ndi pafupifupi 1.7 peresenti, zimene zimabwera ndi kusiyana kwa madigiri pafupifupi 10. Thanki ikadzaza mtunda umangokhala masentimita 55, ndipo 1.7 peresenti ya pamenepo sikwana sentimita imodzi, n'chifukwa chake kusiyanako kumazimirira. Pa ntchito yoyatsa ndi kuzimitsa pampu zimenezi sizoopsa, koma ngati abwana adzafuna kuwerengera malita, masentimita 5 amenewo ndi malita pafupifupi 350. Mankhwala ake ndi kadenga ka lata pamwamba pa sensa, kosagundana nayo, kotseguka m'mbali kuti mphepo izidutsa. Mudzaonenso m'mwezi wa Juni ndi Julayi, kukazizira m'mawa, ngati pakamwa pa sensa pakuchita madontho, chifukwa nawonso amafooketsa liwu. Masensa a radar alibe mavuto a kutenthawa poti amagwiritsa ntchito mafunde a wailesi osati liwu, ndipo tsiku limene iyi idzatope mudzaganizire zimenezo.

Za kugwedezeka kwa manambala, ndi mafunde a madzi ogwa kuchokera pa paipi. Kwezani damping, kanthawi kamene sensa imasalaza manambala isanawaonetse, kufika masekondi 10. Thanki yanu imadzaza pang'onopang'ono, moti ngakhale pampu itamathira malita 6,000 pa ola, madzi amakwera pafupifupi sentimita imodzi ndi theka yokha pa mphindi, choncho kuchedwa kwa masekondi 10 sikungakutayitseni kanthu.

Nkhoma, Biwi (Lachisanu m'mawa)

Zonsezo ndi zabwino, koma sindinamve za swichi yoyandama ija. Mvula ili pafupi, ndipo chida chimene chili pamwamba pa thanki yachitsulo ndi waya wautali wopita ku PLC ndicho chimayamba kupsa mphezi ikagwa pafupi. Waya wake ukhale wa shield (wokutidwa ndi chitsulo chotchinga zosokoneza za magetsi), shield yomangidwa ku earth mbali imodzi ya ku panelo, usayende mumpaipi umodzi ndi mawaya a mota, ndipo muikepo chotetezera ku mphezi. Mukatero mudzandiuze kuti swichi ija mwaibwezeretsa.

Gama, Kanengo (Lachisanu masana)

Ndamva bambo Nkhoma, ndipo swichi ija ndaipeza m'sitolo yathu ya zipangizo momwe tinaiponya, ikadali yamoyo. Kadenga ka lata tamanga m'mawa uno ndi zidutswa zotsala pa shedi, damping ndaika pa masekondi 10, ndipo pa 2 koloko lero tepi inati 1.20 pamene kagalasi kanati 1.18. Manambala onse, Empty, Full, mapping ndi a mu PLC, ndawalemba pa pepala n'kulimata m'kati mwa chitseko cha panelo. Swichiyo ndikufuna kuiika kuti izidula pa mamita 3.80. Kodi pamenepo siikhala pafupi kwambiri ndi sensa moti n'kuyamba kubweza liwu ngati chitsulo chija?

Mbewe, Area 25 (Lachisanu masana)

Pa 3.80 pali bwino, chifukwa ndi masentimita 20 pamwamba pa pomwe pampu imazimira ndi masentimita 10 pansi pa paipi yotayira. Muiike mbali ina ya thanki, kutali ndi sensa ndi mita imodzi kapena kuposerapo, ndipo chingwe chake muchimange chachifupi kuti isamayandame kupita pansi pa sensa madzi akamagwedezeka. Mukamaliza, muyatse pampu, mukweze swichiyo ndi ndodo muli pamwamba, ndipo mnyamata wanu aime pa panelo amve ngati contactor yagwa.